Timaginito Tiwiri ta m'Bokosi la Khirisimasi

Mu Disembala 2023 ndinali ndi ndalama m'thumba, chinthu chosowa kwa ife odikira malipiro a pamwezi. Mwezi wapitawo kwacha inali itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo Lilongwe yense ankalira mtengo wa sopo ndi mafuta ophikira. Koma kuntchito kwathu anatiponyera kangachepe ka Khirisimasi, basi ine mutu kukula. Ndinalumbira kuti chaka chimenecho kwathu ku Bembeke akadziwa kuti m'banjamo muli munthu wokhala m'tauni.

Mlongo wanga anali ataimba foni kawiri, pempho lake limodzi lomwelo: feteleza wobereketsa, chimanga chafika m'mawondo. Ndinamutumizira ya theka la thumba, n'kumuuza kuti zinthu zavuta. Yotsalayo ndinalowa nayo m'shopu ina kufupi ndi msika waukulu, imodzi mwa mashopu aja mumapezamo chilichonse kuyambira maambulera mpaka maluwa apulasitiki. Ndinatulukamo ndi mabokosi awiri. Loyamba linali Monopoly, kapena ndinene chinthu cholembedwa Monopoly pamwamba, pakuti zilembo zake zinali zotuwa ngati fotokope ya makina otha inki. Lachiwiri linali kabokosi kapulasitiki kopinda pakati, kolowa m'thumba la jekete, kokhala ndi masewera anayi pamodzi: ludo, drafti, tchesi, ndi aja a njoka ndi makwerero. Wogulitsa anandionetsa matsenga ake. Anandandalika tizidole pakathabwa kake, n'kukazondotsa, tizidole osagwa.

"Maginito amenewo, bwana. Ana asewera ngakhale m'minibasi."

Liwu loti bwana lija ndi limene linamaliza malonda. Sindinatsegule Monopoly uja kuti ndione za m'kati. Sindinagwire kachidole ngakhale kamodzi. Pakona ya kabokosiko panali kachithunzi kozungulira kofiira, kodulidwa ndi mzere, m'kati muli nkhope ya khanda yokhumata ndi manambala 0-3. Ndinakaona, ndikuvomera. Ndinkayesa n'chokongoletsa.

Ndinakwera minibasi ya M1 m'mawa wa pa 23, kudutsa Nathenje ndi Kamphata, mabokosi ali pamiyendo ngati ndanyamula mazira. Titayandikira boma la Dedza nkhungu inali itameza phiri lonse. Amene simunafikeko, dziwani kuti Dedza ndi boma lokwera kuposa ena onse m'Malawi, pafupifupi mamita 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo phiri lake limafika mamita 2,198. Kwathu ngakhale m'dzinja munthu amafuna juzi madzulo, ndipo mvula ikakhazikika chilichonse m'nyumba chimagwira chinyezi: mchere, machesi, makope a ana. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ubwana, koma sindinaziganizire pogula masewera a katoni.

Ndinapeza bambo anga pakhonde, pamalo awo a masiku onse, thabwa la bawo lili pakati pa miyendo. Thabwa limenelo n'lakale kuposa ine. N'la mlombwa, losemedwa ku chipika chimodzi, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32, m'milomo mwa maenjemo mutachita kuda bii ndi kusalala chifukwa cha zala za anthu ambiri amene lero ali kumanda. Ine bawo ndinkainyoza. Ndinkaiona ngati masewera a amuna othawa khasu, aja amakhala pansi pa mtengo pamsika dzuwa mpaka kulowa. Ndiye ana atandizinga akukuwa kuti amalume afika, ndinatsegula mabokosi anga pomwepo pamaso pa mkuluyo, mwadala.

Ana a mlongo wanga ndi atatu. Wachisamba, mnyamata, anali Sitandade 6. Wapakati, mtsikana wofatsa wokonda kuwerenga chilichonse, anali Sitandade 3. Kamzime kanali ndi chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi itatu, msinkhu uja mwana amadziwira dziko ndi pakamwa.

Bambo anatola kachidole kamodzi, nakatembenuza, nakanda kunsi kwake ndi chikhadabo.

"Timeneti tilimo tingati?"

"Tambiri, abambo."

"Tambiri si nambala. Zanga izi ndi 64. Ndimawerenga poyamba, ndimawerenga pomaliza. Nanga kamodzi kakasowa, ukadziwa bwanji?"

Ndinaseka. Iwo analoza ndi mlomo kamzime, kamene kanali katagwirira mwendo wa mpando kakusuzumira.

"Nanga uyu?"

"Uyu sasewera nawo, abambo. Ngwamng'ono."

"Ndiye ndikunena iyeyo."

Ndinayankha kuti dziko linasintha, ana a masiku ano ayenera kudziwa masewera a kunja. Anangoti "Chabwino," n'kubwerera ku nkhomo zawo.

Monopoly anafa tsiku la Khirisimasi lomwelo. Malamulo ake anali m'Chingerezi cha tizilembo ting'onoting'ono, masamba ena osindikizidwa mopendekeka, ndipo ine amene ndinkadzitama ndinali ndisanasewerepo. Misewu yake inali ya ku London, Old Kent Road, Mayfair, malo amene ngakhale ine sindidzawaona. "Amalume, mortgage n'chiyani?" Ndinatsokomola. Titagwira njira yake pang'ono, wachisamba anagula misewu yonse, mlongo wake ndalama zinamuthera mphindi makumi atatu zisanakwane, ndipo malamulo akuti wotheredwa atuluke. Mwanayo anakhala pambali maso ali jenjenje ndi misozi, ife tikupitiriza ola lina lathunthu osaona mathero. Pambuyo pake ndinadzamva kuti masewerawa anachokera ku a mayi wina wa ku America, Lizzie Magie, amene mu 1904 analembetsa The Landlord's Game pofuna kuonetsa mmene eni malo amayamwira anthu a lendi. Kampani ya Parker Brothers inayamba kugulitsa Monopoly mu 1935. Ndiye kuti mwana wa mlongo wanga analira ndendende mmene mwini masewerawo ankafunira, koma ine sindinakwere minibasi kudzaliza mwana pa Khirisimasi. Kutacha, katoniyo anali atafufuma ndi chinyezi cha pansi pozira, chipepala cha pamwamba chikusupuka. Ndalama zake ana anazitenga kukaseweretsa za golosale kuseri kwa nkhokwe, ndipo kunena zoona imeneyo ndiyo ntchito yabwino yokha imene bokosilo linagwira.

Kabokosi ka maginito ndi kamene kanalanda mudzi. Ana a nyumba zinayi ankadzadza pabalaza pa mlongo wanga, mvula ili pululu kunja, ludo mpaka nsima kuzizira. Ine mtima m'malo, ndikuyenda monyang'wa.

Zizindikiro zinalipo, ine ndinali ndi maso a nkhuku. Dayisi yake inali yopepuka, yamphako m'kati, ndipo inkakonda kugwa pa 2 ndi pa 5 mpaka ana anayamba kunenana za mankhwala. Dayisi yoona, mbali ziwiri zoyang'anana kumbuyo zimakwana 7 mukaphatikiza: 1 ndi 6, 2 ndi 5, 3 ndi 4. Pa yathuyi kuseri kwa 6 kunali 3. Kenako mtsikana uja anabwera ndi kathabwa ka njoka ndi makwerero, chala chili pa mzere wachisanu ndi chimodzi.

"Amalume, 58 alipo awiri, 59 palibe."

Ndinamuuza kuti zilibe kanthu, azingosewera. Lero ndimachita manyazi ndi yankho limenelo, chifukwa phindu lonse la masewera amenewa lili pa manambalawo. Akatswiri awiri a ku Carnegie Mellon University, Robert Siegler ndi Geetha Ramani, anafalitsa mu 2008 zimene anapeza pa ana a zaka zinayi ndi zisanu ochokera m'mabanja osauka ku America. Ana ena anawaseweretsa pa thabwa la manambala ondondozana kuyambira 1 mpaka 10, ena pa thabwa lofanana nalo koma la mitundu yokha. Nthawi yonse yosewera inali pafupifupi ola limodzi, koma a manambala aja anapita patsogolo pa kuwerenga ndi kuzindikira nambala yaikulu ndi yaing'ono, pamene a mitundu anatsala pomwe anali. Mwana akamasuntha kachidole akutchula nambala, mutu wake ukuyala msewu wa masamu. Ine ndinamugulira msewu wokhala ndi dzenje, ndipo ataliona dzenjelo ndinamuuza kuti atseke maso.

Pa 26 kachidole kobiriwira kanathyoka mutu. Apa m'pamene ndinalakwa kulakwa kwenikweni, koposa kugula kuja. Ndinawaimika onse pamzere, n'kuwauza mtengo wa kabokosiko, ndi kulumbira kuti aliyense amene athyolenso kapena kutaya kanthu kamodzi ndimukwapula pamaso pa amake. Nditatero ndinavala jekete, n'kupita pa Bembeke kukacheza ndi anzanga akale.

Kamzime kanayamba kusanza usiku wa pa 27. Mlongo wanga anaganiza za zakudya za Khirisimasi, mpunga wamafuta ndi zakumwa za m'mabotolo zimene mwanayo sanazolowere. Agogo ake aakazi anati ndi mano akumera. Kutacha anapita naye ku chipatala chaching'ono chapafupi, anamuyeza malungo osawapeza, n'kumupatsa thanzi. Palibe amene angawaimbe mlandu: mwana wosanza m'Disembala ndi nkhani ya tsiku lililonse, ndipo ife sitinawauze china choti aganizire. Tsiku lonse la pa 28 mwana anali wofooka, akukana bere, akupinda timiyendo ndi kulira kulira kwa chizirire. Madzulo mimba inayamba kuuma.

Amene anatulukira chinsinsi ndi bambo anga. Anaona kuti mdzukulu wawo wamkazi sanadye chamasana, ndiponso sakulowa m'nyumba. Sanamufunse kanthu. Anangomuitana kuti adzawathandize kuyala nkhomo. Mwanayo, amene sanalakwitsepo kuwerenga, anaika zitatu m'dzenje lofuna ziwiri, manja akunjenjemera.

"Chavuta n'chiyani, mayi wanga?"

Analira kaye nthawi ndithu. Kenako anapisa m'thumba la diresi natulutsa tizidole tiwiri, kofiira ndi kachikasu. Kunsi kwake kunali timaenje topanda kanthu. Timaginito take, tong'azima, tochepa ngati mbewu ya mphodza, tinali titangomatidwa ndi kadontho ka guluu, ndipo tinagwa pamphasa tsiku lija ndinawaopseza. Kamodzi anaona ndi maso ake mng'ono wake akukaika m'kamwa masana. Anayesa kukachotsa ndi chala, kanali katapita. Kena kaja anakafunafuna mpaka mdima, osakapeza. Masiku awiri mwana wa zaka zisanu ndi zinayi anasenza katundu ameneyo yekha, chifukwa amalume ake anati akwapula.

Sindidzaiwala ulendo wa usiku umenewo, panjinga yamoto, m'matope, mlongo wanga atabereka mwana kumbuyo kwa woyendetsa, ine panjinga ina nditafumbata tizidole tiwiri tija. Ku chipatala cha boma titangotchula maginito, nkhope ya adokotala inasintha. Anamujambula X-ray, natiitana kuti tione. Pakati pa mimba panali timadontho tiwiri toyera mbee, togundana.

Anatifotokozera mwachidule, ndipo inenso ndifotokoza, chifukwa makolo ambiri sadziwa. Mwana akameza kandalama kapena kamwala kosalala, nthawi zambiri kamayenda n'kutuluka ndi chimbudzi. Ngakhale kamaginito kamodzi kakhoza kutuluka. Koma tikakhala tiwiri, makamaka tomezedwa nthawi zosiyana, kamodzi kamakhala kali patsogolo m'matumbo, kena kumbuyo. Matumbo ndi opindikapindika, ndiye timaginito timakokana kudutsa khoma la thumbo, n'kulipana pakati ngati chala pachitseko. Pamalo popanidwapo magazi sayenda, mnofu umafa, thumbo limabooka, zonyansa n'kutayikira m'mimba. Kunja mwana amangooneka ngati wodwala m'mimba wamba. N'chifukwa chake si nkhani yodikira kuti tione mawa, kapena yomumwetsa madzi amchere kuti asanze.

Anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, ndipo m'mawa wa pa 29 mwana analowa ku opaleshoni. Ndinakhala pabenchi panja, mlongo wanga ali chete pambali panga. Ndinayesa kulankhula.

"Achemwali, ine sindimadziwa."

"Ndinakupemphani feteleza, achimwene."

Sanaonjezepo liwu lina. Madokotala anapeza thumbo litabooka pawiri, nalisoka. Tinakhala m'chipatalamo masiku khumi ndi awiri, Chaka Chatsopano tinachilowera kuchitando. Ndalama zimene zinapita pa mayendedwe, chakudya ndi zina zikanagula feteleza wa munda wonse, wokulitsa ndi wobereketsa womwe.

Chimene chinandipweteka kwambiri nditayamba kufufuza n'chakuti ngoziyi si yachilendo. Mu 2006 ku America anachotsa pamsika mabokosi 3.8 miliyoni a zidole zomangira za Magnetix, mwana wa miyezi makumi awiri atamwalira chifukwa chomeza timaginito togwa m'zidolezo. Mu Ogasiti 2007 kampani ya Mattel, imodzi mwa zikuluzikulu zopanga zidole padziko lonse, inaitanitsa zidole zoposa 18 miliyoni pa chifukwa chomwecho cha maginito osamatidwa bwino, ndi zina chifukwa cha penti ya mtovu. Kumeneko kampani ikalakwitsa imadziwika dzina, imalengeza pa wailesi, imabweza ndalama. Kabokosi kanga ndinakatembenuza mbali zonse: panalibe dzina la kampani, panalibe adiresi, panalibe kumene munthu angakadandaule. Chinthu chimene mwini wake wakana kulembapo dzina lake, ine ndinachiika pamphasa pamene pamakwawa khanda.

Bambo anga sananenepo kuti "ndinakuuza". Bwenzi zili bwino akanatero. Nditabwerera kumudzi pa Isitala anangondikankhira thabwa lawo, nati, "Khala apo, ndikuphunzitse." Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi.

Ndinagonja kasanu motsatizana, kawiri kwa mtsikana uja. Bawo si masewera a alesi monga ndinkaganizira. Usanagwire nkhomo uyenera kuwerenga m'mutu kumene yomaliza ikagwere, ngati ikadya kapena ikagona, ndipo ikadya, zodyedwazo ukazifesa zikathera pati. Munthu waluso amaona maulendo atatu, anayi patsogolo, manja ali pachibwano. Mulibe dayisi, mulibe mwayi woti unamizire. Dzina lake ndi lachibale ndi bao wa Aswahili a ku Zanzibar ndi kugombe la Tanzania, ndipo kuno anafalikira kwambiri ndi Ayao. Dokotala wina wa Chingerezi wogwira ntchito m'Nyasaland, Meredith Sanderson, analemba malamulo ake mu 1913. Ana sayambira pa bawo ya akuluakulu ya nyumba ndi kutakata. Amayambira pa yosavuta, yongofesa ndi kudya, ngati nsolo umene tinkakumba pansi tili kubusa, kenako amakwera okha. Ichi n'chimene Monopoly wanga analibe: khomo laling'ono loti mwana alowerepo.

Koma ndisakunamizeni kuti chakwathu n'chopanda ngozi. Nkhomo nayo ikhoza kutsamwitsa khanda. Kumayiko a azungu amayeza zidole ndi kachitini kotakata mamilimita 31.7, ndipo chilichonse cholowa chonse m'menemo sachilola kwa mwana wosakwana zaka zitatu. Kachithunzi ka 0-3 kamene ndinkayesa chokongoletsa kamatanthauza zimenezo. Mukafuna kuyeza nokha, gwiritsani ntchito kakatoni ka m'kati mwa tishu. Mudzapeza kuti dayisi imalowa, nkhomo imalowa, chitsekerero cha botolo chimene timaseweretsa drafti chimalowa. Palibe masewera a pathabwa oyenera khanda, ngakhale odula chotani. Kusiyana kwa bawo ya bambo anga ndi kabokosi kanga kunali kwakuti iwo ankadziwa nambala ya zawo. Akamaliza amawerenga 64, amathira m'kathumba ka nsalu, n'kukoloweka pa msomali pamwamba pa chitseko. Ikasowa imodzi, palibe amene amanyamuka mpaka itapezeka, ndipo wopeza amayamikiridwa, wotaya sakalipiridwa. Ikatayikiratu amatola kamwala kolingana nayo, masewera n'kupitirira. Chokhacho chimene salola pathabwa lawo ndi nsatsi. Ana amakonda kuzitola chifukwa n'zamawangamawanga, koma nsatsi zotafuna ndi poizoni.

Sindinasiye kugulira ana masewera. Ndinangosiya kugula ndi maso. Masiku ano m'shopu ndimauza wogulitsa kuti atsegule bokosi, akakana ndimatuluka. Ndimakanda kunsi kwa kachidole mmene anakandira bambo anga, ndipo ndikaona maginito kapena kabatire kozungulira kangati batani ndimabweza, osatsutsana naye. Ndimapinda thabwa lake kawiri katatu kuona ngati pamkupinda pakuyera. Ndimanyowetsa chala ndi kupaka pa utoto. Ndimawerenga manambala kuyambira 1 mpaka 100, anthu a pamzere akung'ung'udza kumbuyo kwanga, ndipo ang'ung'udze. Ndimadzifunsanso ngati ndingathe kufotokozera mwana malamulo ake m'Chichewa nsima isanapse, komanso ngati wogonja amakhalabe m'masewera mpaka kumapeto. Ludo ali ndi ubwino umenewo: ngakhale akudye kangati, umabwerera m'nyumba n'kudikira 6, sutuluka. Zilembo za CE zimene ena amadalira ndimaziyang'ana, koma sindizikhulupirira pazokha, chifukwa amene anatha kukopera dzina la Monopoly sangalephere kukopera zilembo ziwiri.

Mwezi wa Ogasiti chaka chotsatira ndinatsika ndi msewu wa Khwekhwerere, uja wochoka pa Masasa kupita ku Golomoti, kukafuna thabwa langalanga. M'mphepete mwa msewuwo muli anyamata osema tigalimoto ndi tindege ta matabwa, ndipo kumunsi ku Mua kuli Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene kwaphunzira osema ambiri. Luso m'boma lathu lilipo lochuluka. Koma nakonso ku zosema kuli chikomekome cha mkuyu. Alipo ogulitsa ena, kulikonse m'dziko muno, amene amatenga mtengo wofewa n'kuupaka polishi wakuda wa nsapato kuti uoneke ngati phingo. Kunyamula kumaulula, chifukwa mtengo wolimba umalemera, ndipo chikhadabo sichilowa. Kansalu konyowa nako sikanama. Ponyaninso nkhomo zingapo m'dzenje, mupise ndi zala zinayi: ngati dzenje n'losaya zimadumphira kwa mnzake, ngati n'lakuya mopitirira mwana amavutika kutapa. Thabwa lopinda pakati la mahinji ang'onoang'ono n'lokongola kwa alendo opita nalo kunja, koma pakhomo pa ana asanu mahinjiwo ndiwo amayamba kutha.

Pamapeto pake sindinagule la mlombwa. Mitengo imeneyo ikutha m'mapiri mwathu, ndipo thabwa la bambo anga likwanira adzukulu ndi zidzukulutudzi. Ndinapita kwa kalipentala wa pa boma ndi thabwa la paini, mtengo umene ku Dedza sitiusowa, nandipalira bwino, mbali imodzi drafti, mbali ina njoka ndi makwerero. Paini ndi wofewa, sangapirire maenje a bawo zaka makumi anayi, koma pa masewera osalala amakwana. Kalipentalayo anafuna kupaka penti yamafuta yotsala m'chitini chakale, ndinakana. Zaka zingapo zapitazo bungwe la Lead Exposure Elimination Project linayeza penti zamafuta zogulitsidwa m'Malawi muno n'kupeza mtovu wochuluka m'zitini zambiri, ndipo a Malawi Bureau of Standards anachitapo kanthu, koma chitini chakale chopanda chikalata palibe angachilumbirire. Mtovu suonetsa chizindikiro lero, umangodya nzeru za mwana pang'onopang'ono. Mizere tinaiotcha ndi waya wamoto. Manambala analemba ndi mtsikana uja yekha, ndi pensulo kaye, 58 mmodzi, 59 pambali pake. Njoka anajambula mchimwene wake, zonenepa ngati nsato. Zoseweretsa ndi zitsekerero za mabotolo, 12 zoyang'ana kumwamba, 12 zovundikira, ndipo zili ndi kathumba kake pa msomali womwe uja.

Tsiku limene tinaliyamba thabwalo ndinawasonkhanitsanso ana onse pamzere, monga ndinachitira pa 26 paja. Ena anayamba kubwerera m'mbuyo. Ndinawauza kuti aliyense amene aone kanthu kathyoka, kasowa, kapena mwana waika m'kamwa, athamange kudzanena, ndipo ndidzamugulira mandazi ngakhale wothyolayo ali iye mwini. Kenako ndinapepesa kwa mtsikana uja pamaso pa anzake. Kwathu malume sapepesa mwana, ndipo amayi anga anayang'ana kumbali. Bambo anga anangoti, "Yala nkhomo."

Kamzime kachira, kakuthamanga, kayamba kale kulimbirana dayisi ndi akulu ake. Pamimba pake pali chipsera chotalika ngati chala changa chamkombaphala, ndipo mlongo wanga akamakasambitsa pakhonde ine ndimapeza chochita kuseri kwa nyumba.

Inu amene muli ndi kabokosi ka maginito m'nyumba, kaya munagula nokha kaya anabwera nako achibale ochokera ku Joni, musadikire Loweruka. Katsitseni lero, mutembenuze tizidole tonse kamodzikamodzi, muone kunsi kwake. Mukapeza kadzenje kopanda kanthu, ndipo pakhomopo pali mwana wokwawa amene akusanza kapena kulira m'mimba, nyamulani mwanayo ndi kachidoleko, mupite kuchipatala, ndipo liwu loyamba kuwauza adokotala likhale lakuti maginito.